Data yanga ikungolandira chilichonse

Funso: Akulu, ndikulemba data ya mabuku mu RDF (njira yolembera data kuti makompyuta aziimvetsa), koma pa chaka ena akuika 2019 ena "chaka chatha". Ndiletse bwanji zimenezi? Wophunzira, Chinamwali, Zomba.

Yankho: Achimwene, mankhwala ake ndi SHACL, njira yoikira malamulo pa data ya RDF, yomwe a W3C (bungwe loika miyezo ya pa intaneti) anaivomereza mu 2017. Pa property ya chakayo ikani sh:datatype xsd:integer basi (lamulo loti pakhale nambala yathunthu yokha), "chaka chatha" uja akanidwa pompo. Koma samalani, "2019" wolembedwa ngati mawu wopanda datatype kompyuta imamutenga ngati xsd:string ndiye nayenso akanidwa olo maso anu akuona nambala, musadzati validator (pulogalamu yoona ngati data ikutsata malamulowo) yapenga ayi. Pa wolemba buku, ngati ndi IRI (adilesi yapadera yozindikiritsa chinthu), pamenepo mpofunika sh:class, yomwe imaona ngati chinthucho chili m'gulu loyenera. Mukafuna kulola mitundu iwiri gwiritsani sh:or, kuika sh:datatype kawiri pa shape imodzi (gulu limodzi la malamulo a SHACL) sizololedwa.