Kwa bambo amene akazi awo akufuna kubwerera kusukulu

Achimwene, mwati mayi akunyumba ndi mphunzitsi wa kupulayimale wa zaka 37, ana atatu, akufuna digiri, ndipo kubanja kwawo palibe amene anapondako pa yunivesite. Mukufunsa kuti muwathandize bwanji.

Yambani ndi posankha sukulu. Ngati ntchito sangaisiye, afunse za maphunziro a ODeL, ophunzira uli kwanu, monga a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) kapena ku Domasi College of Education. Ikakhala koleji yoti si yaboma, onani kaye ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi a NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, osangoti sukuluyo ili ndi chikwangwani chachikulu mumsewu. Za ngongole ya boma ya HESLGB, bungwe lokongoza ndalama ophunzira a m'mayunivesite, kafunseni ku ofesi kwawoko ngati olowa ali akuluakulu amawaganizira, musanaiwerengere mu bajeti.

Koma chimene chimagwetsa anthu a msinkhu uwu kwambiri ndi nthawi. Fizi mutha kukakongola kubanki mkhonde, nthawi simungaikongole. Mayi aweruka 2 koloko ndi makope oti achonge, apeza ndiwo kulibe, mwana wamng'ono akufuna kusamba, Loweruka kuli chinkhoswe cha msuweni, Lamulungu msonkhano wa amayi kutchalitchi. Asainimenti ayiyamba 10 koloko usiku, magetsi atazima, akulemba pafoni ya sikirini yosweka. Ndiye inuyo tengani zina mwa ntchitozi, osati kungoti "limbikirani mayi". Muphike, muwerengetse ana, ku maliro a kutali mupite nokha. Achibale akayamba zoti "mlamu wayamba kunyada masiku ano", muwayankhe ndinu, chifukwa iwo akayankha okha zimaoneka ngati mwano.

China, poti kwawo ndi oyamba, alibe wowanong'oneza zinthu zimene ana a anthu ophunzira amakulira nazo: kuti mphunzitsi wa ku yunivesite utha kumulembera n'kumufunsa, kuti kukopera za pa intaneti osatchula mwini wake kumalepheretsa, kuti kulephera phunziro limodzi pali mayeso obwereza. Apeze mnzawo wa chaka chachiwiri kapena chachitatu, alowenso m'gulu la WhatsApp la kalasi yawo. Manyazi okhala ndi ana oti akanawabereka amatha mwezi woyamba. Pena anawo ndi amene adzawaphunzitse kompyuta.

Ndipo mu bajetimo muikemo bandulo ya mwezi ndi mwezi, ndalama zosindikizira, thiransipoti ndi malo ogona akaitanidwa kusukulu kukalemba mayeso. Zimenezi anthu amazikumbukira fizi atalipira kale, m'thumba mulibe kanthu.