Chifukwa chake owerenga anakhululukira The Lord of the Rings koma osati The Hobbit

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu amene anawerenga mabuku a J.R.R. Tolkien amayamikira mafilimu atatu a The Lord of the Rings koma amakwinya nkhope akamva za mafilimu atatu a The Hobbit, chonsecho onsewa anawatsogolera ndi munthu mmodzi, Peter Jackson wa ku New Zealand. Mwafunsanso kuti muyambe ndi chiyani, buku kapena filimu. Ena akuyankhani kale kuti mafilimu oyambawo anatsatira mabuku pomwe achiwiriwo sanatsatire, koma ine yankho limenelo sindikugwirizana nalo, chifukwa aliyense amene anawerenga mabuku atatu aja, omwe anatuluka mu 1954 ndi 1955, akudziwa kuti Jackson anasintha zambiri, ndipo owerenga sanakhale chete panthawiyo.

Filimu yoyamba itatuluka mu Disembala 2001, madandaulo anali akuti Tom Bombadil wachotsedwa yense, ndiponso kuti Arwen wapatsidwa udindo wopulumutsa pamtsinje Frodo, mwini nkhani amene wanyamula mphete yoopsa ya ulamuliro kuti akaiwononge. M'buku, Frodo amawoloka mtsinjewo yekha pa hatchi ya Glorfindel, ali wovulala, ndipo amatembenuka n'kuwakana adani ake ndi pakamwa pake, pomwe mufilimu amangonyamulidwa ali chikomokere. Mkwiyo weniweni unabwera mu 2002 chifukwa cha Faramir. Faramir wa m'buku ndi msilikali amene amakana kutenga mphete ija ngakhale ili m'manja mwake, koma wa mufilimu amagwira Frodo ndi mnzake Sam n'kupita nawo ku mzinda wa Osgiliath ndi cholinga chokapereka mpheteyo kwa bambo ake. Mwa amene analemba filimuyi, Jackson, Fran Walsh ndi Philippa Boyens anafotokoza kuti munthu wokana mphete mosavuta chotero akanachititsa owonera kuiwala kuopsa kwake, komanso kuti Frodo ndi Sam ankafunika chopinga china popeza nkhani ya kangaude wamkulu Shelob inali itasunthidwira ku filimu yachitatu. Zifukwazi ndi zomveka kwa wopanga filimu, komabe ine ndimaona kuti owerenga ankanena zoona, chifukwa Tolkien anamuika Faramir kuti asonyeze kuti alipo anthu amene ulamuliro suwakopa, ndipo mfundo imeneyo inatayika.

Mu 2003 panatayikanso china chachikulu kuposa pamenepo. Chakumapeto kwa buku, Frodo ndi anzake akabwerera kwawo ku Shire amapeza kuti Saruman, wamatsenga woipa, waononga dziko lawo, mitengo yadulidwa, anthu akulamulidwa ndi zigawenga, ndipo amayenera kuliwombola okha popanda mfumu kapena Gandalf, wamatsenga amene ankawatsogolera, kuwathandiza. Mufilimu amapeza mudzi uli mmene anausiyira. Ngakhale imfa ya Saruman inadulidwa pa filimu imene inaonetsedwa m'nyumba zoonetsera kanema, zimene zinamukhumudwitsa Christopher Lee amene anasewera mbali imeneyo.

Akatswiri ounika mafilimu m'manyuzipepala ambiri sanavutike ndi zimenezi, ndipo apa ndi pamene magulu awiriwa amasiyanirana. Wowerenga amalowa m'nyumba ya kanema atanyamula buku m'mutu, choncho amaona chimene chikusowa, pamene wounika amafunsa ngati chimene chili pamaso pakecho chikuyenda bwino ngati filimu. Ounikawo anayamikira Gollum, cholengedwa chosirira mphete ija, amene Andy Serkis anamusewera kenako akatswiri a kompyuta a Weta Digital n'kumupatsa thupi, anayamikira nyimbo za Howard Shore ndi mapiri a ku New Zealand kumene mafilimu onse atatu anajambulidwa nthawi imodzi kuyambira mu 1999. Filimu yachitatu, The Return of the King, inapata mphoto za Oscar 11 pa zonse 11 zimene inapikisana nawo, ndipo atatuwo pamodzi anapata 17. Ngakhale zinali choncho, Roger Ebert wa nyuzipepala ya Chicago Sun-Times anaona chimene owerenga ankaonanso, chakuti ma Hobbit, anthu afupiafupi a mtundu wa Frodo omwe ndi eni nkhani, akukankhidwira pambali ndi nkhondo ndi malupanga. Christopher Tolkien, mwana wa mlembiyo amene anasamalira zolemba za bambo ake kwa zaka zambiri, anauza nyuzipepala ya ku France ya Le Monde mu 2012 kuti bukulo analisandutsa filimu yankhondo yokondweretsa achinyamata, ndipo iye sanawavomereze mafilimuwa.

Nanga n'chifukwa chiyani owerenga ambiri, kusiyana ndi Christopher Tolkien, anamaliza ndi kuwakonda? Maganizo anga ndi akuti Jackson anali ndi nkhani yaitali kuposa nthawi imene anali nayo, choncho ntchito yake yaikulu inali yodula, ndipo podulapo anasunga mtima wa bukulo. Chifundo chimene Frodo ndi Bilbo, mwini nkhani wa The Hobbit, anachitira Gollum chikadalipo ndipo ndicho chimapulumutsa dziko pamapeto pake, kukhulupirika kwa Sam kukadalipo, ndipo Frodo amalepherabe kutaya mphete m'moto ndi mphamvu zake, kenako amachoka kwawo chifukwa mabala ake sakupola. Munthu angathe kudandaula za Faramir koma n'kuvomereza kuti nkhani imene waonera ndi yomwe ija anawerenga.

The Hobbit inali ndi vuto losiyana kotheratu. Ndi buku limodzi la masamba pafupifupi 300 limene linatuluka mu 1937, lolembedwera ana, lopepuka komanso loseketsa. Poyamba amene amayenera kutsogolera filimu yake anali Guillermo del Toro, koma anasiya mu 2010 chifukwa ntchito inkachedwa kuyamba, ndipo Jackson anailowa alibe nthawi yokwanira yokonzekera ngati imene anali nayo pa mafilimu oyamba aja, zimene iye mwini anavomereza pambuyo pake. Mafilimu amayenera kukhala awiri, koma mu 2012 analengeza kuti akhala atatu, ndipo anatuluka mu 2012, 2013 ndi 2014, onse pamodzi pafupifupi maola 8. Ufa wokwanira nsima ya anthu awiri ukathiridwa madzi kuti ukwanire banja lonse, chimene chimatuluka ndi phala.

Sikuti zonse zimene anawonjezera zinali zopanda maziko. Ulendo wa Gandalf ku linga la adani la Dol Guldur unachokera m'zolemba za Tolkien mwiniwake zimene zili kumapeto kwa The Lord of the Rings. Tauriel, amene Evangeline Lilly anasewera, sapezeka m'buku, koma popeza bukulo lilibe munthu wamkazi amene amachitapo kanthu, ambiri anamvetsa chifukwa chomuikira. Chimene anakana ndi chikondi chokakamiza pakati pa iye ndi Kili, mmodzi wa anzake a Bilbo paulendo. Legolas wa mu The Lord of the Rings, amenenso mulibe m'bukuli, anabwezedwa n'kumalumpha pamiyala imene ikugwa. Azog, amene m'zolemba za Tolkien anali ataphedwa kalekale nkhaniyi isanayambe, anaukitsidwa kuti azithamangitsa Thorin, mtsogoleri wa gulu limene Bilbo akuyenda nalo, m'mafilimu onse atatu. Nkhondo yomaliza, imene m'buku ndi ya masamba ochepa chifukwa Bilbo amagendedwa ndi mwala n'kukomoka ili mkati, inadya mbali yaikulu ya filimu yachitatu.

Zotsatira zake n'zakuti Bilbo anasochera m'nkhani yake yomwe, ndipo chimenechi ndicho chimandipweteka kwambiri, chifukwa Martin Freeman anamusewera bwino zedi. Malo amene pafupifupi aliyense anawayamikira ndi amene anatsatira buku mofatsa: Bilbo ndi Gollum akuponyerana ndagi mumdima pansi pa phiri, Bilbo akukambirana ndi chinjoka Smaug pamulu wa golide, komanso Thorin akutsanzikana naye asanamwalire. Pa mafilimu amenewa owerenga ndi ounika anagwirizana, zimene sizinachitike kwenikweni pa oyamba aja. Ounika anadandaula za kutalika, za kuchuluka kwa zithunzi zapakompyuta, ndiponso za njira yatsopano yoonetsera zithunzi 48 pa sekondi m'malo mwa 24 zimene maso anazolowera, imene inachititsa kuti zovala ndi nyumba zioneke kuti ndi zongopanga. Ndalama zinabwera, pafupifupi madola 3 biliyoni pa mafilimu atatuwo, koma palibe imodzi mwa iwo imene inapambana Oscar pampikisano, ndipo okonda Tolkien ena anafika podula okha mafilimuwo kuti itsale filimu imodzi ya maola pafupifupi 4 yotsatira Bilbo yekha.

Pa funso lanu lachiwiri, ndikukulangizani kuti The Hobbit muyambe mwawerenga, chifukwa ndi lalifupi, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo mukayamba ndi mafilimu mudzaganiza kuti nkhaniyo ndi ya Thorin ndi nkhondo zake. The Lord of the Rings mungathe kuyamba ndi mafilimu popanda kutaya zambiri, makamaka mukapeza aatali aja amene anatuluka pa DVD. M'menemo muli gawo losonyeza Faramir, mkulu wake Boromir ndi bambo awo Denethor ali ku Osgiliath, limene limathandiza kumvetsa chimene chikumukankha Faramir, ndipo imfa ya Saruman inabwezeretsedwamo, ngakhale kuti imachitikira ku Isengard osati ku Shire. Koma kuwomboledwa kwa Shire simudzakupeza mufilimu iliyonse, kupatula chithunzi chachidule chimene Frodo amaona m'madzi a Galadriel, choncho mukamaliza kuonera mudzafunikabe kutenga buku lachitatu ndi kuwerenga mitu yake iwiri yomaliza.