Yankho kwa amayi amene akuimbiridwa mafoni ndi kampani ya ngongole ya nyumba ku America

Amayi, pepani chifukwa cha zimene mukudutsamo. Mwanena kuti mwatsalira miyezi itatu pa ngongole ya nyumba maola anu atachepetsedwa kuntchito, kuti kampani ikukuimbirani kangapo tsiku lililonse mpaka kuntchito komwe, ndiponso kuti loya wakuuzani kuti mudzalembetse bankruptcy, ndiko kuti kukadziwitsa khoti kuti mukulephera kubweza ngongole zanu, pakapita milungu ingapo. Funso lanu ndi lakuti kodi mungotseka nambala yawoyo. Langizo langa ndi lakuti musangoti zii, koma muichotse nkhaniyi pafoni n'kuiika pa makalata, chifukwa chimene chingakulanditseni nyumba ndi kalata imene simunatsegule, osati foni imene simunayankhe.

Choyamba dziwani kuti amene akukuimbiraniyo ndi ndani kwenikweni, pakuti ufulu wanu umadalira pamenepo. Lamulo la boma lalikulu lotchedwa Fair Debt Collection Practices Act, la mu 1977, limamanga makampani amene amatolera ngongole za ena, kuphatikizapo kampani imene inalandira ngongole yanu mutayamba kale kutsalira. Banki imene inakukongozani yokha, kapena kampani imene yakhala ikulandira ndalama zanu kuyambira pamene zinthu zinali bwino, kawirikawiri lamuloli siliikhudza. Anthu ambiri amakhumudwa pamenepa, chifukwa amatumiza kalata akutchula lamulo limene silikuimanga kampaniyo. Yang'anani m'mapepala anu tsiku limene ngongole inasamutsidwa, ngati inasamutsidwapo, ndipo muliyerekeze ndi mwezi umene munalephera kulipira koyamba. Zigawo zina zili ndi malamulo awo okhwima kuposa pamenepa: ku California ndi ku Florida lamulo la chigawo limamanganso mwini ngongole weniweniyo, ndipo ku Massachusetts saloledwa kukuimbirani pafoni yanu koposa kawiri pa masiku 7. Popeza simunatchule chigawo chimene mukukhala, funso limeneli mukalifunse kwa loya wanu.

Ngati lamulo la 1977 likuikhudza kampaniyo, sayenera kukuimbirani 8 koloko m'mawa isanakwane kapena 9 koloko usiku itadutsa, ndipo mukawauza kuti abwana anu salola mafoni otere kuntchito ayenera kusiya. Kuyambira pa 30 Novembala 2021, malamulo a CFPB, bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ngongole ndi mabanki, amati kuimba koposa maulendo 7 pa masiku 7 pa ngongole imodzi kumatengedwa ngati kuvutitsa munthu, chimodzimodzinso kuimbanso masiku 7 asanathe kuchokera pamene munalankhulana. Koma mfundo imene ingakuthandizeni msanga ndi yakuti wotolera ngongole akadziwa kuti muli ndi loya pa nkhani ya ngongoleyo, ayenera kulankhula ndi loyayo osati ndi inu. Choncho funsani loya wanu ngati akulola kuti mupereke dzina ndi nambala ya ofesi yake panopa, popeza ena amafuna kuti mukhale mutalipirako kaye. Akalola, foni ikalira nenani modekha kuti muli ndi loya, perekani nambalayo, funsani dzina la amene mukulankhula naye, n'kutsazika. Ngakhale mabanki amene lamuloli siliwamanga nthawi zambiri amalemba zimenezi m'kaundula wawo ndipo mafoni amachepa.

Pafoni musalonjeze tsiku lolipira, musapereke nambala ya akaunti yanu kuti adzitapire okha, ndipo musatsutsane nawo. Amene akuimbayo ali pantchito yowerenga zimene zili pa kompyuta, ndipo zimene mukunena zikhoza kujambulidwa. Inu khalani ndi kope pafupi ndi foni, muzilembamo tsiku, nthawi, nambala imene yaimba, dzina la munthuyo ndi mawu amene wanena, makamaka ngati waopseza kuti mumangidwa, chifukwa ku America munthu samangidwa chifukwa cholephera kulipira ngongole ya nyumba. Kope limeneli lingaoneke lachabe lero, koma loya amalilemekeza kwambiri, pakuti lamulo la 1977 lija, ngati likuikhudza kampaniyo, limalola chipukutamisozi chofika madola 1,000 kuwonjezera pa zimene mwataya, bola mlandu ukalembetsedwe chaka chisanathe. Musajambule mawu mobisa musanafunse, popeza m'zigawo ngati California ndi Florida onse olankhulana amayenera kuvomereza.

Mungathenso kulemba kalata yowauza kuti asamakuimbireni foni koma azikulemberani. Muitumize kudzera pa certified mail, njira ya ku positi ofesi imene imapereka umboni woti kalata yatumizidwa, musunge kope lake pamodzi ndi kakhadi kobiriwira kamene kamabwerera katasainidwa, ndipo mulembemonso kuti mukuchotsa chilolezo chakuti makina oimba okha aziimba pafoni yanu ya m'manja, chifukwa pali lamulo lina la mu 1991 limene limakhudza mafoni otere ngakhale akuchokera ku banki. Ine ndimalimbikitsa kuti mulembe kuti azikulemberani, osati kuti asiye kulumikizana nanu kotheratu. Chifukwa chake n'chakuti mafoni ena sikuti ndi ongokuvutitsani: malamulo amalamula makampani ambiri otere kuyesetsa kulankhula nanu pofika tsiku la 36 mutatsalira, ndi kukulemberani pofika tsiku la 45 za njira zimene zilipo zokuthandizani, monga kusintha kalipiridwe kapena kuimitsa kaye malipiro. Mukatseka makomo onse, mwayi umenewo mudzaumva mochedwa.

Pali chiwerengero chimodzi chimene ndikupempha kuti muchisamale kuposa zonse. Kampani siloledwa kuyamba foreclosure, ndiko kuti ndondomeko yolanda ndi kugulitsa nyumba, mpaka mutatsalira masiku oposa 120. Inu muli pa miyezi itatu, kutanthauza kuti mwayandikira malire amenewo. Mwamwayi kupitirira masiku 120 sikutanthauza kuti mawa lake mutulutsidwa, koma liwiro limasiyana kwambiri: ku New York ndi ku New Jersey nkhani imadutsa kukhoti ndipo imatenga nthawi yaitali, pamene ku Texas ndi ku Georgia sadutsa kukhoti ndipo nyumba zimagulitsidwa Lachiwiri loyamba la mwezi. Choncho envulopu iliyonse ikafika, itseguleni tsiku lomwelo, muijambule ndi foni, muitumize kwa loya.

Mafoni adzatheratu tsiku limene mapepala anu a bankruptcy adzalowe kukhoti, osati tsiku limene munalankhula ndi loya. Pamenepo pamayamba chimene amachitcha automatic stay, lamulo limene limaimitsa mafoni, makalata okakamiza, milandu ndi kugulitsa nyumba, ndipo akadzaimba mungowapatsa nambala ya mlandu wanu. Musanalembetse muyenera kuchita maphunziro a uphungu wa ngongole ku bungwe lovomerezeka mkati mwa masiku 180 tsikulo lisanafike, ndipo amatheka pa intaneti, choncho musadikire kuti nthawi ikuthereni. Mukambirane ndi loya mosabisa ngati mukufuna kusunga nyumbayo, chifukwa mtundu wa bankruptcy wotchedwa Chapter 7 suchotsa ufulu wa banki pa nyumba ndipo akhoza kupempha khoti kuti liwalole kupitiriza kugulitsa, pamene mtundu wina wotchedwa Chapter 13 umakulolani kubweza zotsalirazo pang'onopang'ono kwa zaka 3 mpaka 5, malinga ngati mukulipiranso za mwezi ndi mwezi.

Palinso nkhani imene imatikhudza ife ochokera kumudzi, imene ambiri amachita manyazi kuuza loya. Ngati m'miyezi 12 yapitayi mwabweza ngongole kwa m'bale wanu, khoti likhoza kuitanitsa ndalamazo kwa m'baleyo. Ndalama zimene mumatumiza kunyumba, chipereganyu chimene muli nawo, ngakhale puloti kapena nyumba imene ili m'dzina lanu ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, zonsezi ziyenera kutchulidwa, chifukwa mapepalawo mumasaina molumbira ndipo amafunsa katundu wanu kulikonse kumene ali. Musasamutse galimoto kapena malo kuika m'dzina la mchimwene wanu pa nthawi ino, ngakhale wina akuuzeni kuti ndi nzeru, popeza zimenezo zikhoza kukugwetserani mlandu wonse.

Pamene mukudikira, imbani 888-995-4673 kuti mulankhule mwaulere ndi mlangizi wa za nyumba wovomerezedwa ndi HUD, nthambi ya boma yoona za nyumba, ndipo ngati mafoni akupitirirabe mutatumiza kalata ija, kalembeni dandaulo pa tsamba la CFPB, kumene makampani kawirikawiri amayankha pasanathe masiku 15. Aliyense amene angakuimbireni n'kunena kuti apulumutsa nyumba yanu mukamulipira kaye, kapena mukamusainira chikalata cha umwini wa nyumbayo, mukaneni. Mukatiuza chigawo chimene muli, amene akukhala kumeneko angakuuzeni ofesi ya legal aid, yothandiza anthu opeza movutikira pa nkhani za malamulo, imene ili pafupi nanu.