Za Quatermass ya amalume ija

Eee msuweni, uthenga wako ndaumva. Akuti sewero la pa TV la Quatermass lija linatha bwanji? Iweyo, amene unkayamba kuwodzera nthano isanafike n'pakati pomwe? Ndakutulukira. Ukufuna uwapezere amalume aonere kuchipatalako. Dikira kaye.

Ukukumbuka mmene anaidziwira? Nthawi ija ankagwira usiku kunyumba yosungira okalamba ku Leeds... ayi, ndanama, asanasamukire ku Leeds. Kunali agogo ena achizungu osagona tulo, ankawafotokozera zoti mu 1953, ali kamwana, anaonera pa BBC atabisala kuseri kwa mpando. Amalume n'kuitenga nkhaniyo ngati yawo. Ndiye Khirisimasi ija atabwera kumudzi, kwa azakhali, si anavala magolovesi a kumunda, n'kumangirira nkhwani zala zonse, n'kutulutsa manja pawindo la kukhitchini, zala zikuyenda pang'onopang'ono? Ana balalabalala! Iwe unakalowa kunsi kwa bedi, usakane. Azakhali kukalipa kuti ndiwo zawo zatha. Komatu sankapeka. Mlembi wake, Nigel Kneale, anachitadi zomwezo, manja ake m'magolovesi omata masamba, n'kuwapisa pa chithunzi chachikulu cha mkati mwa tchalitchi cha Westminster Abbey ku London. Chilombo chonse chinali chomwecho.

Mathero akewo... munthu uja anapita kumlengalenga ndi anzake awiri n'kubwerako yekha wasanduka chinthu chonga chomera, chili m'tchalitchimo, momwe Mfumukazi Elizabeth anali atangovekedwa chisoti mu June. Quatermass, wasayansi amene anawatumiza kumlengalengako, sawombera mfuti. Amalankhula ndi anthu atatu aja chinawameza, kuwadandaulira, mpaka iwo eni n'kuchipha ali mkatimo. Mu filimu ya nkhani yomweyi ya 1955 ija amachipha ndi magetsi, imeneyo usawatengere, akakukalipira.

Koma chimene ndimafuna kukuuza n'chakuti gawo limenelo sungalipeze. Ankasewera pompopompo ku situdiyo ya BBC ku Alexandra Palace, anthu akuonera nthawi yomweyo. Pa magawo 6, anajambula awiri oyambirira okha. Mathero anangodutsa usiku umodzi mu August, basi. Usataye ndalama pa intaneti, kulibe.

Ndiye tamvera, Loweruka ukamapita, foni ikhale ndi moto. Uwafunse funso lomweli wandifunsali, uwajambule akufotokoza. Asatope, ngakhale pang'ono chabe. Kwathu kuno amene ali nawo matherowo ndi iwowo. Ukawajambule, wamva? Magolovesi aja ali mu chikwama chobiriwira kwa azakhali, udzere konko.