Za ulendo wa ku Mbombela: yambani mwakonza za mwambo, zokaona zibwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati zingatheke kunyamuka kuno ku Joni Lachisanu m'mawa, kukafika pa mwambo wolandira digiri wa mwana wanu ku University of Mpumalanga mumzinda wa Mbombela tsiku lomwelo, kenako n'kuzungulira nkhalango ya nyama zakutchire ya Kruger ndi malo oonera patali a God's Window musanabwerere Lolemba la holide. Zingatheke, koma Lachisanulo musalinyamukire. Nyamukani Lachinayi madzulo mukagone ku Mbombela.

Mtundawo ndi makilomita pafupifupi 350, ngati Lilongwe kupita ku Mzuzu, kungoti msewu wake ndi wabwino. Mutenge N12 mpaka eMalahleni, apo mulowe mu N4. Ma e-toll a ku Gauteng, aja olipiritsa msewu ndi makamera, adatha mu 2024, koma pa N4 mulipirabe pa Middelburg ndi pa Machado, ndiye khalani ndi khadi kapena makobidi m'thumba. Cha ku eMalahleni kumakhala magalimoto a malasha odzaza msewu, ndipo kumtunda kwa Belfast nkhungu ikatsika simuona galimoto ya patsogolo panu. Maola anayi amasanduka asanu ndi limodzi osadziwa. Ife tidachitapo zonyamuka mbandakucha tsiku la mwambo wa mphwanga, tidalowa mu holo dzina lake atalitchula kale. Mayi ake mpaka lero akandiona amayamba ndi nkhani imeneyo moni usanathe.

Mufunseniretu mwanayo kuti wapatsidwa matikiti a alendo angati. Ife a kwathu timapita ndi mtundu wonse, azakhali, alamu, wa ku tchalitchi, koma mu holo salowa onse. Otsalawo adikire panja ndi nthungululu zawo, zithunzi zokoma zimajambulidwa panja pomwepo. Gauni ndi chisoti akatenge Lachinayi, osati m'mawa wa tsikulo.

Ana akatopa panjira imani pa Alzu, pakati pa Middelburg ndi Belfast. Mukuthira mafuta uku mukuona zipembere ndi njati kuseri kwa mpanda, ulere.

Tsono Loweruka lonse lipatseni Panorama, njira yodutsa m'malo okongola a m'mapiri cha ku Graskop. Kuchoka ku Mbombela mudutse ku Sabie kupita ku Graskop. Mapaini a m'njiramo akukumbutsani Chikangawa nthawi yomwe idali Chikangawa. God's Window ili pafupi ndi Graskop, koma dzinalo lisakunyengeni: tsiku la nkhungu mumalipira pa geti, kukwera masitepe mpaka kupuma movutika, n'kukaona choyera chokhachokha ngati chiperoni cha ku Thyolo. Mukadzuka n'kuona kumwamba kwayera, thamangirani kumeneko kaye. Kukakhala kwaphimba, pitirirani pa R532 kumpoto, mudzayesenso pobwerera. Kwa ine malo oposa onse ndi Bourke's Luck Potholes, pomwe mitsinje ya Treur ndi Blyde ikumana. Madzi adaboola miyala maenje ozungulira ngati mitondo ya zimphona, ndipo mumayenda pa timilatho pamwamba pake. Ana agwireni dzanja. Mukapitirira pang'ono mufika pa Three Rondavels, mapiri atatu ooneka ngati nyumba zozungulira zofolera udzu, pansi pake phompho la Blyde lobiriwira. Agogo ngati mawondo savutika nawo kwambiri, awa ndi malo awo, poti kuchoka poimika galimoto si patali. Mathithi alipo ambiri, Mac Mac, Lisbon, Berlin, koma sankhani amodzi. Lililonse lili ndi geti lake lolipira, ndipo mukaona awiri achitatuwo ana sakutsikanso m'galimoto.

Kruger ndiye ndinene mosabisa. Pa holide amawerenga alendo a tsiku limodzi olowa pa geti lililonse, akakwana basi mwabwerera. Ngati mukufunadi, lembetsani malo pa intaneti ku SANParks, bungwe loyang'anira Kruger, sabata ino, mukalowere pa Phabeni pafupi ndi Hazyview Lamulungu kusanache bwino. Tengani mapasipoti, chifukwa a Malawi timalipira mtengo wa SADC, wotsikirapo kuposa wa azungu ochokera kunja. Mkatimo liwiro ndi makilomita 50 pa ola pa tala, 40 pa fumbi, ndipo simutsika m'galimoto paliponse. Kumenekonso kuli udzudzu wa malungo. Tisamadzinamize kuti ndife a ku Nsanje sitidwala, takhalitsa ku Joni thupi lidaiwala.

Pasipoti ndi pemiti zikhale pafupi ulendo wonse, apolisi pa holide amachuluka pamsewu. Kamba konzani kunyumba, nkhuku yokazinga ndi mandazi, chakudya cha ku Graskop mtengo wake ndi wa alendo odzaona malo.

Lolemba musadye nkhomaliro ku Mbombela. Aliyense wa ku Gauteng amabwerera masana omwewo, mzere wa pa Machado umafika kutali. Pofika 8 koloko m'mawa mukhale muli pamsewu. Mwanayo mumupatsire mafuno abwino, ndipo zithunzi za gauni tiziona muno.