Basi yakale ya sukulu isanduke nyumba: yambani ndi zimene zidzabisike kuseri kwa matabwa

Funso lachokera kwa m'bale wathu wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America.

"Amisiri, ndagula basi yakale ya sukulu pa okushoni, ya Blue Bird, yoyendera dizilo. Ine ndi akunyumba tikufuna kuisandutsa nyumba yoyenda nayo monga amachitira anthu kuno. Mipando ndachotsa kale. Mnzanga akuti ndisavutike kusasula malata a m'kati, ndingomata pepala lonyezimira lija la Reflectix kenako n'kukhomapo matabwa. Kodi zimenezi zingatheke? Paja kuno kumazizira koopsa."

Achimwene, mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma njira yakeyo musaitsate. Ine ndimakonza ma RV, magalimoto okhala ndi nyumba m'kati, kuno ku Elkhart, pafupi ndi kwanuko, komwe ma RV ambiri a m'dziko muno amapangidwa. Mabasi otere, amene eni dziko amawatchula kuti skoolie, amatipeza kawirikawiri atamalizidwa kale m'kati, matabwa opolishidwa bwino, makatani ali m'malo, koma mukangolowa fungo la chinyezi n'kukulonjerani pakhomo. Tikazula thabwa limodzi timapeza dzimbiri ndi chuku. Mdani wamkulu m'basimo si kuzizira ayi, koma madzi.

Mukukumbukira m'mawa wa mu Juni kwathu, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, madontho akugwera pabulangete chonsecho kunja mvula kulibe? Basi yanu ndi malata omwewo, koma mbali zonse. Mpweya umene mukupuma anthu awiri usiku wonse, nthunzi ya mphika wa nsima, thaulo lonyowa lopachika pakona, zonsezi zimadzaza chinyezi m'kati. Ngati m'basi muli madigiri 20 a Celsius ndipo chinyezi chili pa 60 peresenti, chinthu chilichonse chimene chazizira kufika madigiri 12 chimayamba kuchita mame. Usiku wa mu Januwale, mphepo ikuchokera ku Lake Michigan, chitsulo cha basi chimazizira mpaka pansi pa ziro. Mpweya wa m'kati ukangochikhudza, madzi amayenderera kuseri kwa khoma, kukaunjikana pansi pomwe simukuona. Choncho ntchito ya insulation, zotchinga zoikidwa pakati pa chitsulo ndi matabwa, ndi iwiri: kusunga kutentha, komanso kuletsa mpweya wa m'kati kukumana ndi chitsulo chozizira. Yachiwiriyi ndi imene anthu amaiwala.

Reflectix ndi pulasitiki ya timatumba ta mpweya yokutidwa ndi zonyezimira. Imabweza kutentha pokhapokha ngati kutsogolo kwake kuli mpata wa mpweya. Mukaipanikiza pakati pa chitsulo ndi thabwa, mphamvu yake imakhala pafupifupi R-1 chabe. Nambala ya R imasonyeza mmene chinthu chimakanizira kutentha kudutsa, ndipo ikakula ndiye kuti chinthucho chimatchinga bwino. Pepalalo musalitaye, lidzakuthandizani kusoka zotchingira mawindo nthawi ya dzuwa.

Malata a m'katiwo sasulani. Kuseri kwake mupeza ubweya wa fiberglass umene anaika kufakitale, wopyapyala, nthawi zambiri wakuda ndi fumbi la zaka zambiri, penapake wonyowa. Mabasi ambiri a Blue Bird amawamanga ndi marivete osawerengeka: mumakhoma kachitsulo ka pakati kaye, kenako n'kudula mutu ndi tchizulo choyendera mpweya. Valani magalasi ndi zotseka m'makutu, phokoso lake limagonthetsa. Koma zinthu ziwiri musazikhudze: nthiti zachitsulo zimene zimazungulira kuchokera khoma lina kudutsa padenga kukafika khoma linalo, ndi chitsulo cha m'munsi mwa khoma pomwe pankakhazikika mipando. Zimenezo ndizo zikugwira thupi lonse la basi.

"Nanga pansi ndiyambe bwanji? Labala wake akuoneka wabwinobwino."

Labala amanamiza. Pansi pa mabasi ambiri a kuno pali labala, kenako plywood, kenako chitsulo. Ana asukulu akhala akulowa ndi nsapato za chipale chofewa ndi mchere wa mumsewu kwa zaka khumi kapena kuposa, madziwo akutsika m'mabowo a mabawuti a mipando. Indiana ndi Michigan ndi madera omwe amathira mchere wambiri m'misewu nyengo yozizira, ndipo mabasi a kuno amadyeka ndi dzimbiri kuposa a ku Arizona kapena Texas. Zulani zonse mpaka chitsulo chioneke. Muyang'anitsitse pamwamba pa matayala a kumbuyo, pamasitepe olowera, ndi pakhomo la kumbuyo. Tengani sikuludiraiva mubaye paliponse pamene patupa. Pakaboola, dulanipo ndi kuwotcherera chigamba cha chitsulo chatsopano, ndipo musanayatse makina owotcherera lowani kunsi muone pomwe pali thanki ya dizilo, mapaipi a mabuleki ndi mawaya.

Dzimbiri la pamwamba lipaleni ndi bulashi ya waya pa gulayinda, pakani mankhwala a phosphoric acid monga Ospho amene amasandutsa dzimbiri kukhala chikhungu chakuda cholimba, dikirani paume, kenako penti yoteteza dzimbiri kawiri. Mabowo a mipando atsekeni onse, ndi ambiri ndithu, ndipo lililonse ndi khomo la madzi ochokera kumatayala.

Chinanso: mabasi amakhala ndi hita kumbuyo imene imalandira madzi otentha kuchokera ku injini kudzera m'mapaipi odutsa m'mbali mwa khoma. Mukaichotsa, lumikizani mapaipi awiriwo kuti madzi azibwerera ku injini. Mawaya a zitseko zothawira pangozi nawonso musangowadula. M'mabasi ena amalumikizana ndi poyatsira, ndipo mukadula molakwika injini imakana kulira. Dulani waya umodzi, lizani basi, ikalira pitirizani.

Pansi pakauma, yalani mabolodi a XPS, a thovu louma la pulasitiki, aja apinki kapena abuluu, okhuthala inchi imodzi, pamwamba pake plywood. XPS imapereka R-5 pa inchi, siimwa madzi kwenikweni, ndipo imapirira kupondedwa. Mungafune kuika yokhuthala, koma yezani kaye msinkhu wanu. M'kati mwa mabasiwa kuchokera pansi kufika kudenga mumakhala mainchi pakati pa 72 ndi 78, ndipo XPS, plywood ndi vinilo zimadya pafupifupi mainchi awiri, denga nalo lidyanso ake.

"Ndiye m'makoma ndi kudenga ndiike chiyani? Ena akuti spray foam, ena ubweya wa nkhosa."

Ndisanayankhe, tsekani kaye podontha. Mmodzi akwere padenga ndi paipi ya madzi, wina akhale m'kati ndi tochi ndi choko, pomwe padontha azilembapo. Mawindo a basi ya sukulu ndi galasi limodzi m'felemu ya aluminiyamu, ndipo ambiri amadontha m'makona a m'munsi. Achotseni limodzilimodzi, palani zomatira zakale, bwezeretsani ndi tepi ya butyl. Amene adzagwere kuseri kwa bedi, bafa kapena makabati, achotseretu n'kutsekapo ndi chitsulo. Ndikudziwa kuti mawindo ambiriwo ndiwo amakometsa basi, koma lililonse limataya kutentha kuposa khoma lonse lozungulira. Khomo la kumbuyo ndi windo limodzi lothawira pangozi zisiyeni zikutseguka.

Tsopano maganizo anga. Kwa basi imene idzagone panja m'nyengo yozizira ya Indiana, ine ndimasankha spray foam, thovu lopopera limene limatupa n'kuuma, ya mtundu wa closed-cell wa timatumba totsekeka. Imapereka R-6 mpaka R-7 pa inchi, koma chachikulu n'chakuti imamatirira pachitsulo chenichenicho, osasiya mpata woti mpweya ulowe kuseri. Denga la basi ndi lopindika, ndipo mabolodi ouma sakhala bwino pamenepo. Mpata wa pakati pa nthiti ndi wozama mainchi awiri kapena kucheperapo, choncho muli ndi malo ochepa oti mupezere mphamvu. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso kuti mukapopera mwapopera, kuchotsa kwake n'kovuta. N'chifukwa chake dzimbiri ndi podontha ziyenera kutha kaye. Mawaya onse adutse m'mapaipi apulasitiki musanapopere, kuti tsiku lina mudzathe kusolola wakale n'kulowetsa wina. Ajambuleni pafoni makoma asanatsekedwe.

Ngati mukupopera nokha ndi kiti ya mathanki awiri, valani ovolosi yophimba thupi lonse, magolovesi, ndi chigoba cha kumaso chokhala ndi zosefera zenizeni, osati kamasiki ka nsalu. Mankhwala ake muli ma isocyanate amene amawononga mapapo. Poperani pang'onopang'ono, inchi imodzi kaye, iume, kenako ina. Mukathira kwambiri nthawi imodzi thovulo limatentha ndipo limatha kupinda malata a kunja. Thovu la m'zitini zazing'ono za m'shopu si lofanana ndi limeneli, ntchito yake ndi kutseka timipata basi.

Ndalama zikachepa, dulani mabolodi a XPS kapena polyiso, mtundu wina wa mabolodi a thovu, kulowetsa pakati pa nthiti, muwamate pachitsulo, m'mphepete monse mutseke ndi thovu la m'chitini ndi tepi. Polyiso ili ndi R-6 pa inchi kukakhala kofunda, koma mphamvu yake imatsika kukazizira kwambiri, choncho kwanuko XPS ndiyo ndingadalire. Ubweya wa nkhosa ndi Rockwool, ubweya wopangidwa ndi miyala, ndi zabwino pochepetsa phokoso, ndipo Rockwool siyaka moto, koma zonsezi zimalola mpweya kudutsa kukafika pachitsulo. Kwa munthu amene nyengo yozizira amathawira ku Florida zikhoza kukwanira. Kwa inu ayi.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale opopera bwino amachiphonya. Nthiti zija ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimadutsitsa kutentha kuposa thovu maulendo oposa chikwi. Mukakhoma matabwa a siling'i molunjika panthiti, m'mawa wozizira mudzaona mizere ya madontho ikutsata nthiti iliyonse, mutu wa sikulu iliyonse uli ndi dontho lake likulendewera. Patapita miyezi pamatabwa pamatuluka timadontho takuda mondandalika. Mankhwala ake ndi osavuta: mangani timatabwa panthiti musanapopere, thovu likute nthitizo ngakhale theka la inchi, ndipo siling'i ikhomedwe patimatabwato ndi masikulu aafupi osafika pachitsulo.

"Akunyumba akufuna makoma osalala a drywall ndi matailosi ngati m'nyumba."

Alamu athu muwauze mwaulemu kuti nyumba iyi imayenda. Thupi la basi limapindika pang'ono pabampu paliponse, ndipo drywall, bolodi ya gypsum ya makoma a m'nyumba, imasweka m'malumikizo, kuwonjezera apo ndi yolemera ndipo imamwa chinyezi. Kudenga gwiritsani matabwa opyapyala a paini kapena cedar olowana m'mphepete, kapena plywood ya kota inchi imene imapindika kutsata denga. Pakani vanishi mbali zonse ziwiri musanakhome, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limapotoka. Masikulu, osati misomali. Pansi yalani vinilo, musiye kampata m'mphepete chifukwa imafutukuka basi ikaima padzuwa. Matailosi ochepa kuseri kwa chitofu angatheke ngati muwamata ndi zomatira zofewa. Mawaya a magetsi akhale aja a timawaya tambiri topota, chifukwa waya wa chitsulo chimodzi wa m'nyumba umathyoka ndi kunjenjemera.

Thovu lililonse lisasiyidwe poyera, ngakhale m'kati mwa kabati. Limayaka, ndipo utsi wake ndi wakupha. Pomwe pali mapampu, mafyuzi ndi malumikizo a mapaipi siyani tizitseko totsegula ndi masikulu. Mukamaliza pitani nayo basi pasikelo ya mathiraki, mathanki ali odzaza, muyerekeze ndi nambala ya GVWR, ya kulemera kumene basi isapitirire, yolembedwa pachikwangwani pafupi ndi mpando wa dalaivala. Zolemera monga madzi ndi mabatire zigawikane mbali zonse ziwiri.

"Hita yanga ya propane yonyamula m'manja ikwanira?"

Iyayi, ndipo apa ndikupemphani ndithu. Kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikayaka imatulutsa madzi oposa lita imodzi ndi theka, onsewo m'chipinda chomwe mwavutika kuchiumitsa. Komanso moto uliwonse woyaka m'malo otsekeka umatha kutulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha, ndipo munthu amangogona osadzukanso. Ikani hita ya dizilo imene imakoka mpweya panja n'kutulutsa utsi panja, paipi yake ya utsi ikhale kutali ndi mawindo. Ikani ma alamu a utsi, a carbon monoxide ndi a propane, ndi chozimitsira moto pafupi ndi khomo. Padenga payikidwe fani, ambiri amafuna bowo la mainchi 14 mbali zonse, ndipo iziyenda pophika ndi posamba ngakhale kunja kuli chipale chofewa.

"Pano ndi Novembala. Ndingayambe kupopera sabata ino?"

Ngati basi ili panja, dikirani. Spray foam imafuna chitsulo chouma ndi chofunda, mathanki ake akhale pa madigiri 24 kapena kuposerapo. Pachitsulo chozizira siitupa bwino ndipo imadzamatuka, kusiya mpata womwe uja tikuuthawa. Penti ndi mankhwala a dzimbiri nazonso siziuma bwino m'chisanu. Miyezi ino sasulani malata, chotsani fiberglass, zulani pansi, tsatani mawaya, ndipo jambulani ndi tepi pansi pomwe padzakhale bedi, khitchini ndi bafa kuti mudziwe mawindo ochotsa. Funsaninso ku BMV, ofesi ya boma yoona za mapepala a magalimoto ku Indiana, zimene amafuna kuti mapepala a basi asinthidwe kukhala a motorhome, nyumba yoyenda, chifukwa m'zigawo zambiri chikwangwani cha STOP, magetsi ofiira othwanima ndi mawu akuti School Bus ziyenera kuchoka, kwinanso ngakhale mtundu wachikasu. Kuwotcherera zigamba mukhoza kuchita pano. Penti ndi thovu zidikire Meyi, pokhapokha mutapeza galaja yofunda imene basi ingalowe yonse.