Mwana wa zaka 14 amupeza ndi BP ya 142/88: kodi tinene kuti wadwala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Mnyamata wawo wa zaka 14 ndi wonenepa kwambiri, ndipo tsiku lina kutchalitchi kutabwera anthu a zaumoyo, anamuyeza BP makina n'kuonetsa 142/88. Agogo ake akuti mwanayo ndi wathanzi, BP ndi ya anthu akuluakulu. Bambo ake, omwe amamwa mankhwala a BP, akufuna azimugawira theka la piritsi lawo. Mayiwo akufunsa kuti: kodi mwana angadwaledi BP, ndipo achipatala amatsimikiza bwanji?

Mayi, ndiyambe ndi mapiritsiwo. Asamwe ngakhale kachidutswa. Mankhwala a BP alipo amitundumitundu, ena safunika kwa munthu wa vuto la impso, ndipo palibe amene wayeza impso za mwana wanu. Komanso akayamba kumwa, manambala oyezedwa pambuyo pake sadzauzanso dokotala zoona zake.

Agogo nawonso ndikuwamvetsa. Ambirife tinakula tikudziwa kuti mwana wonenepa ndiye akudya bwino, ndipo wowonda ndiye ankatidetsa nkhawa. Koma ana amadwala BP, ndipo onenepa kwambiri ndi amene amapezeka nayo kawirikawiri. Thupi likakhala ndi mafuta ochuluka, impso zimasunga mchere ndi madzi ambiri, ndipo mtima umapopa mwamphamvu kuposa muyeso. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri mwana samva kupweteka kulikonse. Amasewera, amapita kusukulu, koma mkati mnofu wa mtima ukukhuthala pang'onopang'ono.

Za manambala, madokotala ambiri amatsata malangizo amene bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linatulutsa mu 2017. Kwa mwana wa zaka 13 kupita m'tsogolo, BP yabwino ndi yosafika 120/80. Nambala yapamwamba ikakhala pakati pa 120 ndi 129, yapansi isanafike 80, amati yayamba kukwera. Kuyambira 130/80 mpaka 139/89 ndi gawo loyamba la matendawa, ndipo 140/90 kapena kuposa ndi gawo lachiwiri. Nambala imodzi yokha mwa ziwirizo ikapitirira malire, yakwana. Ndiye 142/88 ija ili m'gawo lachiwiri chifukwa cha 142. Ana osafika zaka 13 alibe malire amodzi. Dokotala amaona pa tchati chotengera zaka, kutalika, ndi ngati ali mnyamata kapena mtsikana. Mnyamata wa zaka 10 akangofika 108/72 amafunika kumuonetsetsa, pomwe kwa wamkulu nambala imeneyo ndi yabwinobwino.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi: kuyeza kamodzi sikukwana kunena kuti mwana ali ndi matenda a BP, makamaka mwana wa mkono waukulu. Mukumbukire lamba uja anamumanga pamkono. Mkati mwake muli kathumba kamene kamadzaza mpweya, ndipo kayenera kuzungulira pafupifupi mkono wonse, 80 mpaka 100 peresenti, pomwe m'lifupi mwake kafike 40 peresenti ya kuzungulira kwa mkonowo. Lamba akachepa, makina amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Oyeza anthu ambiri pamalo amodzi nthawi zambiri amakhala ndi lamba mmodzi yekha, yemweyo kwa agogo owonda, yemweyo kwa mnyamata wojintcha. Ena akamva kuti ndi mwana amatenga lamba wa ana, osaona kuti mkonowo ukuposa wa bambo ake. Lamba amasankhidwa poyeza mkono ndi tepi, pakati pa phewa ndi chigongono, osati poona zaka. Ana ena onenepa amafunika lamba wamkulu wa akuluakulu, ngakhale uja woyezera pantchafu. Ndipo timakina tomanga padzanja ngati wotchi musatidalire pa ana.

Kakhalidwe pa nthawi yoyeza nakonso n'kofunika. Mwana akhale pampando mphindi 3 mpaka 5 ali phee, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono wamanja utagona pa tebulo molingana ndi mtima, ndipo asalankhule. Ndikukayika ngati zinatheka choncho pabwalo la tchalitchi, anzake akumuyang'ana, mwina atangochoka kumene kothamanga. Akayeza koyamba BP n'kupezeka yokwera, ayezenso kawiri ulendo womwewo. Makina amagetsi akaonetsa zokwera, atsimikize ndi makina opopa pamanja, namwino akumvetsera ndi chomvera mtima chija. Matenda amatsimikizika BP ikapezeka yokwera pa maulendo atatu osiyana.

Izi sizikutanthauza kuti mukhale pansi. Poti nambala ya mwana wanu yafika gawo lachiwiri, akayezedwenso sabata isanathe. Ndipo ngati akudandaula mutu waukulu, akuona mwachimbuuzi, akusanza, wasokonezeka kapena wakomoka, kapenanso BP yapitirira 180/120, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali ana ena amene BP yawo imakwera akangoona namwino, kunyumba ili bwino. Palinso ena, ndipo onenepa ndi ambiri m'gulu limeneli, amene kuchipatala imaoneka yabwino koma kunyumba kapena usiku imakwera. Chimathetsa mkangano ndi makina amene mwana amavala maola 24, akumuyeza okha usana ndi usiku. Si chipatala chilichonse chili nawo, koma funsani.

BP ikatsimikizika, funso lotsatira ndi lakuti yachokera kuti. Apa ndimadandaula nazo anthu akangoona thupi la mwana n'kunena kuti ndi kunenepa basi. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, makamaka mwana akaposa zaka 6 ndipo m'banja muli kale a BP, ngati kwanuko. Komabe mwana wonenepa atha kukhalanso ndi nthenda ya impso. Kuno kwathu ana amadwala mphere, zilonda zapakhungu ndi zapakhosi, ndipo tizilombo tina ta m'zilondazo timatupitsa impso patapita masabata angapo. Mwana amatupa kumaso m'mawa, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, BP n'kukwera. N'chifukwa chake kuyeza mkodzo ndi magazi oonetsa mmene impso zikugwirira ntchito sikuyenera kudumphidwa. Dokotala ayezenso BP m'mikono yonse iwiri ndi mwendo umodzi, chifukwa ana ena amabadwa ndi msempha waukulu wochokera kumtima uli wopanikizika, ndipo BP ya m'miyendo imatsika kuposa ya m'mikono. Poti mwana wanu ndi wonenepa, amuyezenso shuga, mafuta a m'magazi ndi chiwindi.

Pali zina zimene inu nokha mungauze dokotala. Kodi mwanayo amaliza mkonono kwambiri, n'kumakhala ngati wabanika ali m'tulo, masana n'kumasinza m'kalasi? Kubanika kutulo kumakweza BP. Kodi anabadwa masiku asanakwane kapena ali wochepa thupi? Amamwa zakumwa zopatsa mphamvu zija ophunzira amakonda powerenga usiku? Nanga mankhwala otsegula mphuno, mapiritsi a ululu monga ibuprofen, kapena prednisolone? Zonsezi zimatha kukweza BP. Kwa atsikana, mapiritsi ena akulera amachitanso chimodzimodzi.

Popita kuchipatala mutenge kabuku kake ka kuchipatala, mulembemo 142/88 ija ndi tsiku lake, ndipo mupemphe kuti nambala iliyonse yatsopano ilembedwe pamodzi ndi kukula kwa lamba amene agwiritsa ntchito. M'mawa umenewo asamwe khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu. Mumuuze bwinobwino chimene mukupitira, popanda kumunyoza za thupi lake, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu akachita manyazi ulendo wachiwiri amakana. Ngati ali ndi abale ake onenepa, atengeni nawonso, popeza mwana aliyense amayenera kuyezedwa BP kamodzi pachaka kuyambira zaka 3, ndipo wonenepa kwambiri ayezedwe nthawi iliyonse wafika kuchipatala. Mukabwerako mundilembere manambala amene mwapeza.